Ukatopa kapena kupsa mtima, nyamuka pa makadi

Soya tapuntha, mtedza tikukumba, chimanga chikudikira kuti chiume bwino. Lero ndalemba zambiri, ndiye amene bandulo yatsala pang'ono musunge mudzawerenge mawa. Koma anyamata a kuseri kwa golosale aja musadumphe ayi, nkhaniyi ndi yanu. Ndi yanganso, mumva.

Dzulo ndimachokera kuchigayo mochedwa, poti magetsi anayaka madzulo. Cha m'ma 9 koloko ndikudutsa kuseri kwa magolosale ndinamva mnyamata wina akukuwa kuti, "Gawa! Gawanso, tione ngati uwinenso!" Dzina sinditchula, mwini wake akudzidziwa. Mnyamata yemweyo ndinali nditakumana naye m'bandakucha akukankha njinga ya matumba atatu kupita pamsika. Ndiye werengani nokha: wadzuka nkhuku zisanatsike, wakankha katundu, wakangana ndi mavenda, nsima ya masana kaya anadya kaya ayi, ndipo 9 koloko usiku ali pa makadi akukuwa. Ndinaima pang'ono mumdima, ufa uli panjinga. Mawu amene aja ndinawazindikira, chifukwa anatulukapo m'kamwa mwanga zaka zitatu zapitazo.

Ena mukukumbuka kuti mphwanga pobwera kuchokera ku Joni anabweretsa masewero a makadi otchedwa poker. Kwa amene simunawaone, makadi ake ndi omwe aja 52. Aliyense amalandira awiri obisa, ndiye pakati pamayalidwa ena asanu oti onse aziwaona: poyamba atatu, kenako limodzi, kenako lomaliza. Makadi apakatiwo asanatembenuzidwe mumaika ndalama, ndipo ukaona kuti zako sizili bwino umataya makadi n'kudikira ulendo wina. Ife ndalama tinkaziwerengera pa zitsekerero za mabotolo, chimodzi K500. Chimene chinandikopa ine n'chakuti pamafunika mutu. Umawerenga makadi, umawerenga nkhope ya mnzako, umadziwa kudikira. Wodziwa poker amataya makadi kambiri kuposa m'mene amasewerera. Ndiye ndinkadziuza kuti iyi si juga ya anthu opusa, iyi ndi bawo ya makadi. Ndipo kunena zoona miyezi yoyamba sindinkaluza kwenikweni. Mlimi amadikira mvula mwezi wathunthu, angalephere kudikira khadi?

Tsiku limene ndikunenali ndinadzuka 3 koloko m'bandakucha kukamanga ng'ombe pangolo. Matumba 14 a soya, thukuta la chaka chonse. Pofika pamsika dzuwa linali litakwera, mzere wautali. Kunyumba ndinali nditayeza, koma pa sikelo ya venda matumba anga onse anapepuka. Tinakangana, anthu anasonkhana, iye n'kungoti, "Madala, ngati simukufuna bwererani naye soya wanuyo." Ng'ombe zatopa, kubwerera ndi katundu sindikanatha. Ndinalandira ndalamazo mtima ukuwira. Ngolo ndinapatsa mwana kuti abwerere nayo, ine ndinati ndiyambe ndakhala kaye mtima utsike. Tsiku lonse m'mimba munalowa tiyi ndi sikono imodzi basi.

Cha m'ma 4 koloko ndinakhala pa makadi. Maola atatu oyamba ndinasewera ngati munthu. Ndinapatula ndalama pang'ono, zotsalazo n'kuzimanga m'thumba la m'kati mwa jekete. Makadi oipa ndimataya, abwino ndimadikira, ndipo ndinali nditawinako pang'ono. Kenako cha m'ma 7 koloko ndinalandira makingi awiri. Ndinaika zambiri, onse anataya, kupatula kamnyamata kena kamene kanali ndi 7 ndi 4, makadi oti munthu wodziwa sangalowe nawo. Pakati panagwa 7, ndipo khadi lomaliza linabwera 4. Kanakokolola zonse, n'kuseka, n'kumati, "Madala, masana akudyani mavenda, usiku ndikumalizani ine." Anthu anaseka nawo.

Mvetsani bwino apa. Ulendo umenewo ine sindinalakwitse. Makingi awiri akakumana ndi 7 ndi 4 amapambana koposa ka 8 pa maulendo 10 aliwonse. Kutanthauza kuti kamodzi kapena kawiri amaluza ndithu, ndipo usiku umenewo kamodziko kanagwera ine. Zili ngati wadzala pa nthawi yake, mbewu yabwino, mvula n'kudula. Palibe angakuloze chala. Kulakwa kwanga kunayamba ulendo wotsatira.

Kuyambira pamenepo maso anga anachoka pa makadi, anapita pa kamnyamata kaja. Kakalowa nane ndimalowa, kaya m'manja muli zotani. Ndinayamba kuopseza ndi makadi opanda kanthu, ndipo aliyense ankaona kuti ndikunama chifukwa nkhope inali itandiulula kale. Ndalama zopatula zitatha, dzanja linapita lokha m'jekete. Ndinadziuza kuti ndikungobwereka, ndibweza pompano. Cha m'ma 11 koloko ndinaona kuti ndili ndi mitima isanu, ndinakankha mulu wonse pakati, n'kutembenuza monyada. Anthu anandilozera kuti khadi limodzi linali dayamondi. Onse ndi ofiira inde, koma masana sindikanasokoneza zimenezo. Mkulu wina amene ankangoonerera anandigwira paphewa, amvekere, "Achimwene, tiyeni tizipita, mwatopa." Ndinawayankha mwamwano kuti ine sinditopa, ndipo asamalowerere za ndalama za eni. Ndinanyamuka tambala woyamba atalira, ndalama za matumba 9 zitapita.

M'mawa mayi a kunyumba sanakuwe, sanalire. Anayala ndalama zotsalazo pamphasa, anawerenga kawiri, kenako anandifunsa kuti, "Bambo, sikelo ija mukuti inakuberani makilo angati?" Ndinati mwina 20. Iwo anati, "Nanga usikuwu mwadzibera angati?" Matumba 9 a makilo 50 ndi makilo 450. Ndinakangana ndi venda pagulu chifukwa cha makilo 20, n'kukapereka ndekha makilo 450, popanda wondikakamiza. Chaka chimenecho feteleza ndinagula theka, chimanga chinatha Januwale, mbuzi ziwiri zinapita, ndipo mwana wanga wa Fomu 3 anakhala pakhomo masabata atatu anzake atatsegulira. Mwanayo sanagwirepo khadi chibadwire, koma analipira nawo.

Ndiye mfundo yanga lero ndi imodzi. Amene amataya ndalama za feteleza pa makadi si munthu uja amakhala pansi 4 koloko. Wa 4 koloko uja ali ndi nzeru zake, amadziwa malire, ndipo ukamufunsa angakuuze yekha zonse ndikulembazi. Amataya ndalama ndi wa 11 koloko, wotopa, wanjala, wopsa mtima, koma wagwira thumba lomwelo. Choopsa chake n'chakuti wa 11 koloko sadziwa kuti wasintha. Amadziona ngati yemwe uja, mwinanso wochenjera kuposa. Funso lofunika pa makadi si lakuti ndili ndi makadi otani, koma lakuti amene akuwayang'anayu ndidakali ine kodi?

Akatswiri a poker vuto limeneli analipatsa dzina, amati tilt. Mawuwa anachokera ku makina ena a masewero a kampira kachitsulo otchedwa pinball. Munthu akakwiya n'kuyamba kuwagwedeza kapena kuwapendeketsa kuti kampirako kapite komwe akufuna, makinawo amaima n'kulemba mawu amenewo, mwayi wako watha. Pachichewa ndingati kupendekeka. Inu a ngolo mukudziwa: katundu akatsetserekera mbali imodzi, ngolo imayendabe, ng'ombe zimakokabe, koma dzenje laling'ono lomwe m'mawa munalidumpha bwinobwino ndi limene limaigwetsa. Wopendekeka amasewerabe, amalankhulabe, amawerengabe ndalama, koma akungodikira dzenje.

Za kutopa, musadabwe kumva mlimi akutchula za kutali, bandulo nanenso ndimagula. Mu 1997 akatswiri awiri a ku Australia, Dawson ndi Reid, anayeza anthu osagona n'kuwafanizira ndi anthu omwa mowa. Anapeza kuti munthu amene wakhala maso maola 17, maso ndi manja ake zimagwira ntchito ngati za munthu amene ali ndi mowa wa mlingo wa 0.05 m'magazi. Inu a ku Joni mukudziwa kuti ukafika mlingo umenewo lamulo la kumeneko silikulola kuyendetsa galimoto. Akafika maola 24 amafanana ndi wa mlingo wa 0.10, kuwirikiza kawiri. Tsono tengani tsiku langa lija: kudzuka 3 koloko m'mawa, maola 17 anakwana 8 koloko usiku. Ine mowa sindimwa, koma kuyambira 8 koloko ndinali ngati woledzera, ndalama za chaka zili m'jekete. Ndikanaona munthu woledzera ali nazo ndikanamulanda n'kukamusungira.

Kafukufuku wina wa mu 2003 ku America ndi amene anandiopsa kwambiri. Anthu anawagoneka maola 6 okha usiku uliwonse kwa masabata awiri. Tsiku ndi tsiku kagwiridwe kawo ka ntchito zofuna tcheru kankatsikirabe, mpaka kufanana ndi munthu amene wachezera usiku wonse osagona. Koma akawafunsa ankati akungomva katulo pang'ono basi. Ife nyengo yokolola ndi momwemo, eti? Kulondera m'munda usiku, kupuntha masana, kudzuka m'bandakucha. Ndipo ndi nyengo yomweyo imene ndalama zimalowa m'thumba. Mutu umakhala wotopetsetsa pa nthawi imene thumba ladzaza.

Za kupsa mtima nazonso zili ndi chifukwa chake. Akatswiri ena awiri, Daniel Kahneman ndi Amos Tversky, analemba mu 1979 za m'mene anthu amasankhira pakakhala kupeza ndi kutaya. Anaonetsa kuti kutaya kumapweteka kuposa m'mene kupeza kumakomera, ndipo pambuyo pake anawerengera kuti ndi pafupifupi kawiri. Anaonetsanso kuti munthu akakhala kuti wataya kale, amalolera kuika pangozi zochuluka kuti abwezere, pomwe akakhala kuti wapeza amakhala wosamala. Kahneman analandira mphoto ya Nobel mu 2002. Ine ndinaziwerenga n'kuseka ndekha, chifukwa ndi nkhani ya jekete langa. Ndili ndi phindu ndinkasewera ngati nkhalamba yosamala. Nditangotsika pansi pa zimene ndinabwera nazo, ndinasanduka munthu woti angaike ndi ng'ombe zomwe.

Ndiye uzidziwa bwanji kuti wapendekeka? Ndikuuzeni zimene ndinaziona pa ine ndekha ndi pa anzanga. Kutopa kumaonekera m'tinthu tating'ono. Ukuyang'ananso makadi ako kachitatu chifukwa waiwala zimene wagwira. Sukukumbuka kuti wakweza ndalama ndi ndani. Akufunsa kuti pakati pali zingati, sukudziwa. Ukusokoneza 6 ndi 9, mtima ndi dayamondi. Chachikulu ndi ichi: ukuyamba kuika ndalama chifukwa kuganiza kwakulemera. Mumtima ukungoti, "Aaa, tiyeni tingoona." Masana sunganene mawu amenewo. Ndipo musanamizidwe ndi fodya, tiyi wa masamba ambiri kapena zakumwa zija amati zopatsa mphamvu. Zimatsegula maso, koma tulo timene mutu ukufuna sitinalowe.

Kupsa mtima kumayambira m'thupi. Makutu amatentha, mano amalumana, mtima umagunda ngati wathamanga. Kenako dzanja limafulumira, ukuponya ndalama usanaganize. Mawu amakwera. Ukuyamba kulondola munthu mmodzi, ukufuna iyeyo alire. Ukupempha kuti mukweze mtengo wa chitsekerero kuti ubwezere msanga. Ukuyamba kunena kuti mnzakoyo ali ndi mankhwala, kapena wogawa akukondera. Ndipo pali mawu amodzi oti ukangowamva akutuluka m'kamwa mwako udziwe kuti zatha: "Ndingobweza zanga ndiye ndinyamuka." Ine ndinawanena mwina kasanu usiku umene uja. Makadi sadziwa kuti unabwera ndi zingati. Ndalama zimene zapita sizilinso zako, zili kwa mwini wake watsopano, ndipo ulendo wotsatira sukumbukira wapitawo.

Musaiwalenso kuti chimwemwe nacho chimapendeketsa. Wawina kangapo motsatizana, ukuyamba kuganiza kuti lero ndi tsiku lako, ukulowa ndi makadi aliwonse, ukugulira anthu zakumwa. Akuluakulu anati mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi. Kamnyamata kanandidya ine kaja, sabata isanathe kanali katabweza zonse kwa anthu ena. Komanso ambirife sitipendekekera pa makadi pomwepo, timafika titapendekeka kale. Wakangana ndi akazi ako, wachokera kumanda, sukulu yabweza mwana, venda wakunyoza pagulu. Ine ndinakhala pansi n'cholinga choti mtima utsike. Koma mtima wanga unkafuna munthu woti umugonjetse tsiku limenelo, ndipo poti venda ndinamulephera, ndinakamufunafuna pa makadi.

Tsono vuto la zizindikiro zonsezi ndi loti chida choziyezera ndi mutu womwewo umene waonongeka. Sikelo yabodza siingadziyeze yokha. N'chifukwa chake a Malawi Bureau of Standards amayeza masikelo a malonda ndi miyala yawo yodziwika kulemera, ndipo ife alimi tinaphunzira kunyamula paketi ya shuga ya kilo imodzi n'kuiika pa sikelo ya venda tisanatsitse katundu. Mutu nawo umafuna paketi ya shuga, chinthu chochokera kunja chimene sichisintha ndi m'mene ukumvera.

Paketi yoyamba ndi wotchi. Werenga kuyambira nthawi imene unadzuka, ndipo maola 14 akakwana nyamuka, kaya ukumva mphamvu bwanji. Yachiwiri ndi malire a ndalama, oika m'mawa ukadali iwe, ndipo zotsalazo zisakhale m'jekete kapena pafoni imene ili m'thumba mwako. Zikhale kunyumba, m'manja mwa munthu wina. Malire amene ungathe kuwadumpha ndi dzanja lako usiku sangakuthandize. Yachitatu ndi mafunso awiri: makadi amenewa ndikanalowa nawo mu ola loyamba? Ndalama zimene ndatsala pang'ono kuikazi ndingazitchule pamaso pa mayi a kunyumba? Yachinayi ndi munthu. Usanakhale pansi muuze mnzako kuti, "Ukandigwira paphewa ndinyamuka osafunsa." Mkulu uja anandigwira ine paphewa anali sikelo yolungama, ine n'kumutukwana. Ndinapita kukapepesa patatha masiku atatu, nkhuku ili m'manja.

Ngakhale ku Las Vegas, kumene mpikisano waukulu wa poker padziko lonse wakhala ukuchitika kuyambira 1970, osewera pa mpikisano waukuluwo amapumitsidwa pakatha maola awiri aliwonse, amakhala ndi nthawi ya chakudya, ndipo tsiku likatha amapita kukagona. Ndi anthu oti makadi ndi ntchito yawo. Ife kuseri kwa golosale timakhala pa njerwa maola 8 osadzuka, tochi ya foni ili pakamwa pa botolo, m'mimba mulibe kanthu, n'kumati tikusewera ndi nzeru.

Ndikudziwa kuti ena, makamaka anzanga a kumpingo, muti, "Bwanji osangonena kuti juga ndi yoipa, anthu asiye?" Ndikugwirizana nanu, ndipo ine ya ndalama ndinasiya. Masamu ake ndi osavuta: pa mphasa ya makadi sipamera kanthu. Ndalama zimangochoka thumba ili kupita ilo, mwini malo n'kudulako yake, ndipo mukaphatikiza onse amene anakhalapo, anyamuka ndi zochepa kuposa zimene anabwera nazo. Koma ndakhala m'mudzi muno nthawi yokwanira kudziwa kuti anyamatawa sasiya chifukwa choti ine ndalemba pa Facebook. Ine amene ndinauzidwa kangati kuti juga ndi yoipa? Ndinkangoti akunena anthu osadziwa kusewera. Chimene palibe anandiuza n'chakuti wodziwa kusewerayo amathawa 8 koloko n'kusiya thumba m'manja mwa wina. Mnyamata amene waphunzira kunyamuka 7 koloko wapulumutsa feteleza wa chaka chino, ndipo tsiku lina kusiya sikudzamuvuta ngati amene sananyamukepo.

Ena, makamaka mphwanga ndi anzake, muti, "Malume, inu munali wongoyamba kumene, wodziwa zenizeni sapendekeka." Ndikuuzeni za Stu Ungar wa ku New York. Anthu a poker ambiri amamuika m'gulu la akatswiri oposa onse amene anakhalako. Mpikisano waukulu wa ku Las Vegas uja anawina katatu, mu 1980, mu 1981 ndi mu 1997, ndipo komalizako analandira madola 1 miliyoni. Chaka chotsatira, mu Novembala 1998, anamupeza atafa m'chipinda cha motelo yotsika mtengo ali ndi zaka 45, chuma chonse chitatha. Ndalama zake zinathera pa kubetcha mipikisano ya mahatchi ndi masewero ena, komanso pa mankhwala ozunguza bongo. Makadi ankawadziwa kuposa ife tonse titaphatikizana, koma kudziwa makadi ndi kudziwa nthawi yonyamuka ndi nzeru ziwiri zosiyana. Ndipo ine ndaona kuti amene amadzikhulupirira kwambiri ndi amene amachedwa kunyamuka, chifukwa amati nzeru zanga zibweza.

Enanso muti kunyamuka utawina ndi mwano, anzako adzati wathawa ndi ndalama zawo. Mankhwala ake ndi kunena nthawi yako usanalandire khadi loyamba, onse akumva: "Ine 7 koloko ndikupita, ndiwine ndiluze." Wokukakamiza kukhala pambuyo pa zimenezo sakufuna chilungamo, waona kuti watopa. Nanunso a kandege ka pafoni, musaganize kuti nkhaniyi yakudumphani. Kwanuko n'koopsa kuposa, chifukwa palibe nzeru ya makadi imene ingakuthandize, palibe mwini golosale woti atseke, palibe mkulu woti akugwire paphewa. Uli wekha m'bulangete 1 koloko usiku, ndalama zikuchoka pafoni mosamveka phokoso, banja lonse lili mtulo.

Kwa inu abale a m'tauni ndili ndi pempho limodzi. Wachibale akakuimbirani 10 koloko usiku nyengo ino, mawu akuthamanga, akuti tumizani K20,000 pompano pa Airtel Money kapena pa Mpamba ndikufotokozerani mawa, musafulumire. Funsani ali kuti, funsani kuti mulankhule ndi akunyumba kwake. Ngati ndi matenda mudziwa msanga ndipo mutumiza. Ngati kumbuyo kukumveka zitsekerero za mabotolo, muuzeni kuti mutumiza m'mawa. Akwiya usiku umenewo, koma kukacha kawirikawiri saimbanso. Ine usiku uja ndinaimbira mlongo wanga wa ku Lilongwe kawiri, mwamwayi foni yake inali yozima. Mpaka lero ndimathokoza kuti anaiwala kutchaja.

Lamulo la pakhomo panga tsopano ndi ili: ndalama za zokolola zimagona kunyumba usiku umodzi munthu asanazikhudze. Fisi akatola fupa sadyera pomwepo. Tsiku logulitsa sindigula njinga, sindibwereketsa munthu, sindiweruza nkhani ya malire a munda, sindiyankha uthenga wonditukwana. Ndimadya nsima, ndimagona, ndipo m'mawa timakhala pansi awiri n'kugawa za feteleza, za sukulu ndi za pakhomo. Makadi ndimasewerabe Lamlungu masana pansi pa mtengo wa mango, koma timaika nyemba. Ndipo mukhulupirire, ngakhale pa nyemba makutu amatenthabe ndikaluza ndi makingi awiri. Ndikamva kutenthako ndimadzuka kukaona mbuzi.

Mnyamata wa dzulo uja, ngati ukuwerenga, sindikukuseka mwana wanga. Matumba atatu aja ndinakuona ukukankha pa chitunda, thukuta lili chuchuchu. Kaya usikuwo zinatha bwanji, usapite kukabweza lero. Ubwere kunyumba tidzamwe thobwa, ndidzakuonetse pamene panali khola la mbuzi ziwiri zija.

Sabata ya mawa ndilemba za kasungidwe ka chimanga, chifukwa anankafumbwe nawo sagona. Mugone bwino nonse, ndipo amene muli ndi ndalama za soya m'jekete, kazipitani kunyumba kudakali kowala.